Thukuta Lolowa M'khoma: Mbiri ya Mmisiri ndi Malipiro Ake pa Khuyu

Mukamayenda m'mudzi wa Khuyu, pa chilumba cha Likoma, mupeza nyumba zina zitaima pakati pa milambe ndi miyala zilibe denga. Makoma anafika pa lintala, mabowo a mawindo ali pululu, ndipo pamene panayenera kukhala pabalaza pamera udzu. Zambiri mwa nyumba zotere zilibe mlandu: mwini wake akungodikira kuti usipa ugwidwe, kapena kuti mwana wa ku Joni atumize kangachepe, ntchito ipitirire. Koma zilipo zina zimene zinaima chifukwa mmisiri ndi mwini nyumba anasemphana pa malipiro. Mukamufunsa mmisiriyo, amaloza khomalo n'kunena kuti, "Ndalama zanga zili m'menemo." Ndipo sanama, pakuti thukuta lake linasakanikiradi ndi matope ogwira njerwazo. Kodi tsono angaigwire nyumbayo ngati chikole kufikira atalipidwa? Ku America amayankha mwina, ku Johannesburg mwina, kutsidya ku Cobué mwina, ndipo pa Khuyu yankho ndi linanso. Kusiyanaku kuli ndi gwero lake, ndipo gwerolo lili kutali.

Makolo a pachilumbachi sankadziwa munthu wotchedwa womanga nyumba za anthu ena. Mwamuna aliyense anali mmisiri wa nyumba yake. Ankafuna nsichi, phaso ndi luzi, ndipo poti mitengo yowongoka inali yosowa pa Likoma, yambiri ankakaidula kumtunda kutsidya n'kubwera nayo pa bwato. Amayi ankamweta udzu, kutunga madzi kunyanja, kumata makoma ndi kuzira pansi. Denga la nyumba yozungulira ankalilukira pansi, likatha n'kuitana anzawo kudzalikweza. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga, umene lero timauponya pamisonkhano, kalelo unali malangizo enieni a kamangidwe. Odzathandizawo ankalandira nsima ndi ndiwo, mwinanso mowa, basi. Ngongole inalipo, koma inali ya manja: wakukwezera denga lero, mawa ukamukwezera lake. Wokana kubweza sankapita naye kubwalo. Tsiku lake likafika, denga lake linkangokhala pansi mpaka chiswe n'kulipeza.

Pali zinthu ziwiri za nthawi imeneyo zimene tiyenera kuzisunga m'mutu. Choyamba, malo ndi nyumba zinali zinthu zosiyana. Malo ankagawa ndi mfumu, ndipo sankagulitsidwa. Nyumba inali ya amene waimanga, moti munthu posamuka ankazula chitseko chake ndi phaso zolimba n'kupita nazo, dothi n'kulisiyira mwini dziko. Chachiwiri, chikole chinalipo. Wokongola ankasiya mbuzi, khasu, ukonde kapena bwato m'manja mwa womukongoza. M'zaka za njala ndi za malonda a akapolo ngakhale munthu ankatha kusiyidwa ngati chikole, ndipo ambiri otere sanawomboledwe. Koma nthaka sinali m'gulu la zopinyolitsa. Chikole chinali chinthu chimene ungachinyamule kapena kuchikusa n'kukachiika pakhomo pako.

Kumaiko kumene anthu anayamba kale kuwotcha njerwa ndi kulemba ganyu omanga, nkhani ya malipiro awo inalembedwanso kale. Hammurabi, mfumu ya ku Babulo, cha m'ma 1750 Khristu asanabadwe, anazokotetsa malamulo ake pa mwala umene lero uli ku Louvre, mu mzinda wa Paris. M'malamulowo anaika mtengo wa siliva woti womanga alandire molingana ndi kukula kwa nyumba, ndipo pompo anaikanso chilango: nyumba ikagwa n'kupha mwini wake chifukwa cha ntchito yosalimba, womangayo aphedwe. Kuyambira pachiyambi penipeni, ufulu wolipidwa ndi udindo womanga bwino zinayendera limodzi, ndipo mpaka lero mlandu uliwonse wa mmisiri umayima pa miyendo iwiri imeneyi. Chilamulo cha Mose, m'buku la Levitiko ndi la Deuteronomo, chinaletsa kugoneka malipiro a waganyu, ndipo mneneri Yeremiya anadzudzula mfumu Yehoyakimu chifukwa chomangitsa nyumba yake yapamwamba ndi anthu osawalipira.

Amene anamanga mfundo imene ikutivutabe ndi Aroma. Akatswiri awo a malamulo, monga Gaius wa m'zaka za m'ma 100 Khristu atabadwa, anaphunzitsa kuti chilichonse chomangidwa pa nthaka chimatsata nthakayo, ndipo mfumu Justinian inalembetsa zimenezi m'mabuku ake a malamulo mu 533. Tanthauzo lake ndi ili: njerwa ili m'manja mwako ndi yako, koma ukangoikhazika m'khoma la pa malo a mnzako yasanduka ya mnzakoyo, kaya wakulipira kaya ayi. Aroma okhawo anaona kuti lamuloli ndi lolimba kwambiri, choncho anatsegula kakhomo kachifundo. Munthu amene wawononga chuma chake mokhulupirika pokonza chinthu cha wina, ndipo chinthucho chikali m'manja mwake, ankaloledwa kukana kuchipereka kufikira atabwezeredwa. Kakhomo kameneka kanayenda ndi malamulo a Aroma kulowa ku Holland ndi ku Portugal. A Dutch anapita nako ku Cape pamene Jan van Riebeeck anafikako mu 1652. Ku France, malamulo a Napoleon a 1804 anapatsa ojambula mapulani, makontirakitala ndi omanga mwayi wolipidwa patsogolo pa ena kuchokera pa nyumba imene amanga.

Angerezi anatenga mfundo yolimba ija, koma kakhomo kachifundo anakatsegulira katundu wonyamulika yekha. Telala ankatha kusunga jekete mpaka mwini wake alipire, wosula kusunga chitsulo chimene wakonza, wokonza ngalawa kusunga ngalawayo. Womanga nyumba sanapatsidwe mphamvu yotere, pakuti kwa Angerezi iye anali chabe munthu wololedwa kulowa pa malo a wina kudzagwira ntchito, ndipo nthaka inali chuma cha mabanja akuluakulu chimene sankafuna kuti wantchito achikhudze.

Zinthu zinatembenuka ku America mu 1791. Dziko latsopanolo linkafuna kumanga likulu lake, mzinda wa Washington, pa malo amene ambiri anali tchire ndi minda, ndipo ndalama zinali zosowa. Amisiri sakanalola kuthira mphamvu zawo pa nyumba za anthu amene mwina sadzalipira. Akuluakulu oyang'anira ntchitoyo, atakambirana ndi Thomas Jefferson ndi James Madison, anapempha nyumba ya malamulo ya chigawo cha Maryland, kumene kunali malowo, kuti ichitepo kanthu, ndipo mu Disembala chaka chomwecho linatuluka lamulo lopatsa womanga chikole pa nyumba ndi pa malo ake. Pennsylvania inatsatira mu 1803, kenaka zigawo zina zonse, ndipo Ontario wa ku Canada anachita chimodzimodzi mu 1873. Tisaiwale kuti ambiri mwa amene anaphwanya miyala ndi kuumba njerwa za White House ndi Capitol anali akapolo achikuda, amene malipiro awo ankapita kwa ambuye awo. Lamulo loteteza thukuta la womanga linabadwira pakati pa anthu amene thukuta lawo silinkawerengedwa.

Chikole cha ku Americachi sichifuna kuti mmisiri agone m'nyumbamo. Amakalembetsa ngongole yake ku ofesi yosunga zikalata za malo, ndipo kuyambira pamenepo nyumbayo imakhala ngati mbuzi yomangidwa chingwe m'khosi: wogula aliyense ndi banki iliyonse amachiona chingwecho n'kubwerera. Mwini akapitiriza kukana, bwalo likhoza kulamula kuti nyumba igulitsidwe, womanga atengepo zake. Koma chida chakuthwa chotere anachiika m'chimake cha masiku owerengeka. Ku California, mwachitsanzo, wogulitsa zipangizo kapena mmisiri wolembedwa ndi kontirakitala amayenera kupereka chidziwitso m'masiku 20 atayamba ntchito. Chikole chimalembetsedwa pasanathe masiku 90 ntchito itatha, ndipo mlandu umayenera kukasumidwa pasanathe masiku ena 90, apo ayi chikolecho chafa. Mwini nyumba amadziteteza poonetsa kuti masiku anapitirira, kuti ndalama yakokomezedwa, kuti ntchito ndi yosatha kapena yokhota, kuti womangayo analibe chiphaso, kapena poika ndalama yachitetezo kuti chingwe chimasulidwe mlandu ukuyendabe. Ululu wake ulinso mbali ina: munthu akhoza kulipira kontirakitala zonse, kontirakitalayo osalipira anyamata ake, anyamatawo n'kudzamanga chingwe pa nyumba ya munthu amene walipira kale.

Tibwerere kunyanja. David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu Disembala 1857, kunabadwa bungwe la mishoni la UMCA. Ulendo wake woyamba, wa Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero mu 1861, unathera m'maliro, ndipo mishoni inasamukira ku Zanzibar mu 1864. Patapita zaka pafupifupi makumi awiri, William Percival Johnson anatulukira kugombe la kum'mawa kwa nyanja, ndipo mu 1885 Bishopu Charles Smythies analandira chilolezo kwa mfumu Chiteji ya kutsidya kuti amishoni akhazikike pa Likoma, pamene madzi ankatchinga nkhondo za Angoni zimene zinkasautsa midzi ya kumtunda. Anapatsidwa Chipyela, malo amene kale ankatenthapo anthu oganiziridwa ufiti. Posakhalitsa sitima ya mishoni yotchedwa Charles Janson inayamba kuyenda panyanja, ndipo mmishonale Chauncy Maples anafika mu 1886. Nyumba zawo zoyamba zinali za mitengo ndi udzu ngati za aliyense, mpaka moto wa 1892 unapsereza tchalitchi ndi nyumba zina zambiri za pamishoni. Apa ndi pamene mwala ndi njerwa zinayamba kulowa m'maganizo, ndipo pamodzi nazo panabwera chinthu chachilendo pachilumba: munthu wogwira ntchito pa nyumba imene sadzagonamo, polandira nsalu ndi mikanda, kenaka makobiri.

M'zaka zomwezo, anthu okhala kutali ankalemba mapepala amene anadzasankhira Khuyu lamulo lake. Pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891 linapereka gombe la kutsidya kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoni. Woimira boma la Angerezi, Harry Johnston, anabweretsa msonkho, umene unakankhira amuna ku ntchito yamalipiro. Ndipo pa 11 Ogasiti 1902 linatuluka lamulo lokhazikitsa Bwalo Lalikulu la British Central Africa (dzina la dziko lino panthawiyo), lonena kuti bwalolo lizitsata malamulo a ku England monga analili pa tsikulo, kwinaku likulemekeza mwambo wa eni dziko pamene mwambowo sukutsutsana ndi chilungamo. Tsiku limenelo, popanda aliyense pachilumba kudziwa, mfundo ya Aroma yodzera ku London inakocheza pa Likoma: wokonza bwato akhoza kugwira bwatolo, koma womanga nyumba sangagwire nyumbayo. Chikhala kuti cholembera cha mu 1891 chinakhota pang'ono, lero mmisiri wa pa Khuyu bwenzi akuweruzidwa ndi malamulo ochokera ku Lisbon.

Chaka chotsatira, mu 1903, Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko a tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera pa Chipyela pomwepo. Wojambula ndi woyang'anira ntchito anali Frank George. Miyala inaphwanyidwa pachilumba pomwepa, mitengo inachokera kumtunda, ndipo simenti, malata ndi magalasi zinayenda ulendo wautali kuchokera ku Ulaya, kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, n'kudzakwera sitima panyanja. Sitima ya Chauncy Maples inali itayamba kumene ntchito mu 1901. Anthu a m'midzi ya pachilumba, amuna ndi amayi omwe, ndiwo anasenza, kusema ndi kuyala, ndipo ntchito ya tsiku lililonse inkayamba ndi pemphero. Nyumbayo ndi yaitali pafupifupi mamita 100, ndipo alendo amakonda kuiyerekeza ndi tchalitchi cha Winchester ku England. Inatsegulidwa mu 1905, ndipo Bishopu Cathrew Fisher anaipatula mu 1911.

Ndimakonda kuima pa mawu awiriwa, kutsegula ndi kupatula, chifukwa m'mipingo ya Anglican muli mwambo wakale wosapatula tchalitchi chimene chikali ndi ngongole. Ku America, kumene chikole cha omanga chinabadwira, mpingo wa Episcopal unachita kulemba m'malamulo ake kuti bishopu asapatule nyumba ya Mulungu asanatsimikize kuti nyumbayo ndi malo ake zalipiridwa ndipo palibe womangapo chingwe. Maganizo ake ndi osavuta kumva ngakhale kwa mwana: sungapereke kwa Mulungu chinthu chimene mbali yake ikali ya munthu amene sunamulipire.

Chimene tchalitchicho chinasiya pachilumba si makoma okha. Chinasiya amisiri. Anyamata amene analowa ntchito ngati osenza matope anatuluka akudziwa chingwe, levulo ndi sikweya, akutha kusema mwala ndi kupinda chipata cha njerwa, ndipo anakamanga matchalitchi ndi masukulu ena m'mbali mwa nyanja. Luso lomanga linasanduka ntchito yodyera, yophunzitsa ana ndi adzukulu. Pomwe wolemba ntchito anali mishoni, yokhala ndi kaundula ndi tsiku lodziwika la malipiro, funso la chikole silinkadzuka kwenikweni. Kumwera, m'minda ya azungu ya ku mapiri a Shire, mawu okoma aja akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana ngati pokweza denga, anali atapotozedwa kukhala ntchito yokakamiza yolipirira malo, ndipo mkwiyo wake unaphulika ndi John Chilembwe mu 1915.

Funsolo linadzuka pamene anthu wamba anayamba kumangitsa nyumba za njerwa ndi malata. Likoma inali ndi sukulu zambiri ndi minda yochepa, choncho ana ake ophunzira anabalalika kukakhala akalaliki, aphunzitsi, amisiri ndi othandiza m'zipatala ku Tanganyika, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Ndalama zawo zinkabwera pa positi, ndipo kuyambira mu 1951 simenti ndi malata zinkabwera pa sitima ya Ilala. Apa panabadwa mtundu wa mlandu umene ukadalipo: mwini nyumba ali kutali, ndalama ikudzera mwa mlongo wake kapena amalume, mmisiri akumva kuti zatumizidwa koma osaziona, ndipo wotumizayo akumva kuti nyumba yafika pa denga chonsecho ili pa windo. Pa anthu atatuwa, aliyense amakhala ndi choona chake. Ena mwa otumizawo anasanduka matchona, makalata n'kuleka, ndipo khoma linatsala ndi ngongole yopanda woifunsa.

Amene anagwirako ntchito yomanga ku South Africa ndi ku Zimbabwe anakaona lamulo lina, lija linadzera ku Holland. Kumeneko kontirakitala wosalipidwa akhoza kukana kuchoka pamalo: amasunga makiyi, kutseka geti, kuika mlonda ndi chikwangwani. Mphamvu yake yonse ili m'kugwira, monga akulu ananenera kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akangopereka makiyi mwa kufuna kwake, chikole chatha; koma akachotsedwa mokakamiza, bwalo limayamba lamubwezera pamalopo lisanamve za ngongole. Mwini nyumba amadziombola poika ndalama yachitetezo, ndipo mabanki obwereketsa ndalama zomangira amakonda kuuza kontirakitala kuti asaine kalata yotaya ufuluwu ntchito isanayambe. Koma Mmalawi wolembedwa ganyu yoyala njerwa pansi pa kontirakitala alibe gawo pa chikolechi, chifukwa wogwira malowo ndi bwana wake. Kutsidya ku Mozambique nako, malamulo a Chipwitikizi a 1966 amazindikira ufulu wogwira chinthu chimene wawonongerapo chuma, ngakhale kuti nthaka yonse kumeneko ndi ya boma ndipo siigulitsidwa kapena kupinyolitsidwa.

Dziko lathu litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka patatu: ya boma, ya munthu payekha, ndi ya makolo. Ya makoloyo inanenedwa kuti ndi chuma cha anthu a Malawi, choikizidwa kwa Pulezidenti, mafumu n'kumaigawa monga mwa mwambo. Mu 1967 kunabwera lamulo la kaundula wa malo, limene linayesedwa koyamba m'boma la Lilongwe. Lamuloli lili ndi zida zofanana pang'ono ndi chingwe cha ku America: munthu wonena kuti ali ndi gawo pa malo olembetsedwa akhoza kuikapo chenjezo kuti asagulitsidwe mwakabisira, ndipo bwalo likhoza kuletsa kusintha kulikonse m'kaundula. Koma ngongole ya ntchito payokha si gawo pa malo. Mmisiri sangaike chenjezo chifukwa chongoti sanalipidwe, pokhapokha mwini atachita kusaina kuti malowo akhale chikole cha ngongoleyo. Ndipo pa malo a makolo, pamene pali nyumba zambiri za m'midzi ngati Khuyu, panalibe n'komwe tsamba la kaundula loti munthu alembepo kanthu.

Zaka za ulamuliro wa zipani zambiri zinawonjeza maofesi. Mu 1996 kunakhazikitsidwa bungwe la National Construction Industry Council lolembetsa makontirakitala, chaka chomwecho lamulo la ubale wa pantchito linabala bwalo lomva madandaulo a antchito, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Likoma inachoka pansi pa Nkhata Bay n'kukhala boma palokha. Mu 2007 Bwalo Lalikulu linatsegula nthambi ya milandu ya zamalonda. Makontirakitala akuluakulu ali ndi mapangano olembedwa, zikalata zotsimikiza gawo lililonse la ntchito, chiwongoladzanja pa malipiro ochedwa ndi amkhalapakati. Zonsezi n'zabwino, koma sizifika kwa bambo wa supuni imodzi ndi wilibala yobwereka, amene pangano lake linapangidwa pakamwa pansi pa mtengo wa mango.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi malamulo a malo a 2016, amene anayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022. Tsopano banja kapena munthu akhoza kulembetsa malo a makolo n'kulandira chikalata. Ntchitoyi imayamba ndi komiti ya anthu asanu ndi awiri: gulupu ngati wapampando, ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposa apo akhale amayi. Mikangano ya malo imapita kubwalo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu, imene pa Likoma ndi Mkumpha. Choncho dothi la m'mudzi ngati Khuyu likhoza kukhala ndi tsamba lake m'buku la boma. Komabe malamulowa sanatchule womanga. Mfundo ya mu 1902 ikadali chilili.

Nanga lero mmisiri wosalipidwa amatani? Kawirikawiri amayamba ndi kuleka ntchito, chimene ndi chida chake champhamvu kuposa zonse, makamaka mitambo ya Novembala ikayamba kusonkhana khoma lili pamtunda. Ena amakhoma loko wawo pachitseko n'kuika kiyi m'thumba. Ena, mtima ukawawa, amakazula mafelemu kapena malata amene anakhoma okha. Apa mwambo wakale ndi lamulo la boma zimawombana mutu: mumtima mwake iye akuchita zimene agogo ake ankachita posamuka, kutenga chimene manja ake anaika, koma pamaso pa lamulo felemulo linasanduka la mwini nyumba tsiku limene linalowa m'khoma, ndipo wolizula akhoza kupezeka ku polisi pa mlandu wowononga katundu, wodandaula n'kusanduka woimbidwa mlandu. Chodabwitsa n'chakuti mnzake wokonza injini ya boti pa Mbamba akhoza kuisunga injiniyo mpaka atalipidwa, lamulo lomwelo n'kumuikira kumbuyo.

Njira yowongoka imayambira kwa amfumu. Kumeneko mmisiri amati, "Mfumu, ntchito ndinagwira, anthu akuiona, ine ndikungofuna thukuta langa." Mwini nyumba naye sabwera chimanjamanja. Amati, "Bambo awa tinagwirizana mpaka pulasitala, koma anathawira ntchito ina, khoma lakumvuma lang'aluka, matumba a simenti ndinagula makumi awiri, olowa m'nyumbamu sakukwana." Madandaulo amenewa si onama nthawi zonse. Alipo amisiri olandira dipoziti pa nyumba zitatu nthawi imodzi, ndipo alipo ochepetsa simenti kuti yotsala akagulitse. Akuluakulu amapita kukaona khomalo ndi maso, kuwerenga mizere ya njerwa, kufunsa mboni, n'kugamula kuti zotsalazo ziperekedwe pang'onopang'ono, mwina podikira nyengo ya usipa. Zikakanika apa, nkhani imapita kwa majisitireti, amene akagamula, asherifu akhoza kulanda katundu wonyamulika monga njinga, wailesi, ukonde kapena injini, n'kugulitsa. Ngongole yaikulu imafuna Bwalo Lalikulu ku Mzuzu, kutanthauza sitima mpaka pa Nkhata Bay, galimoto yokwera mapiri, malo ogona ndi loya. Mwambi umati mlandu suola, koma lamulo la boma limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zokha zosumira ngongole ya pangano, ndipo ndalama imaola msanga kuposa apo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankadikira malipiro a chaka chapitacho anapeza kuti ndalama yomweyo yagula matumba ochepa kwambiri a simenti.

Ine sindingafune kuti lamulo la ku Maryland libwere pa Khuyu monga lilili. Nyumba ya m'mudzi simakhala ya munthu mmodzi. Muli mayi wamasiye, muli adzukulu, pafupi pali manda a makolo, ndipo chilumba cha makilomita 18 okha m'bwalo lake, chimene pamodzi ndi Chizumulu chinali ndi anthu oposa 14,000 pa kalembera wa 2018, chilibe tchire loti wolandidwa nyumba akayambirenso. Kugulitsa malo a banja chifukwa cha ndalama ya zitseko kungakhale kuchiza bala ndi moto. Koma sindingavomerezenso kuti munthu amene wapsa ndi dzuwa miyezi itatu pa sikafodi azidutsa tsiku ndi tsiku pa nyumba yowala magetsi imene iye anamanga, ana ake atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Pakati pa ziwirizi, anthu eni ake anapeza njira yawo lamulo lisanawaganizire, ndiyo kudula ntchito m'magawo: fondeshoni ndalama yake, pa windo yake, pa lintala yake, denga yake, pulasitala yake. Gawo likatha, dzanja lilandire, kenaka supuni ibwerere m'matope. Potero ngongole simakula kuposa gawo limodzi, ndipo wolakwiridwa, kaya ndi mmisiri kaya mwini, amataya pang'ono. Ochenjera amalemba magawowo m'kope la sukulu, onse awiri n'kusaina pamaso pa mboni, ndipo masiku ano uthenga wa pafoni wa Airtel Money kapena Mpamba umakhala umboni umene wa ku Joni ndi wa pa Khuyu onse angauonetse.

N'chifukwa chake makoma ambiri oima pa Khuyu amaima pamalo ofanana, pa windo kapena pa lintala, osati pakati pa mzere. Pamenepo ndi pamene ndalama yomaliza inathera ndipo pangano lotsatira silinayambe. Tsiku la sitima, matumba a simenti akamatsitsidwa pa Mbamba, amisiri amakhala m'gulu la anthu oima pagombe, akuyang'ana maina olembedwa pa matumbawo. Akaona dzina la nyumba imene anaisiya pa lintala, amadziwa kuti madzulo ano kubwera mwana pakhomo kudzati, "Agogo akuti mubwere mawa mudzakambirane," ndipo amalowa m'nyumba kukafuna kope lija.